Njati ya Pabwalo ndi Malaya a Minda

Sitolo yosindikiza zithunzi ya Minda Dacanay inayang'anizana ndi bwalo la tauni, pomwe panaima chiboliboli cha mlimi atagwira chingwe cha njati yake yolimira. Chikondwerero cha Isidoro Woyera chitayandikira, Minda anajambula chibolibolicho, n'kudinda chithunzi chake pamalaya oti adzagulitse kwa alendo, chaka chake chitalembedwa pamsana.

"Mayi a Jun, wosema chiboliboli uja anamwalira inde, koma ana ake alipo," anatero mwamuna wake Teofilo akupinda malayawo. "Lamulo silikulola kugulitsa chithunzichi eni asanavomere. Tiyeni tikawaone."

"Kuti ndikapute mavu ali chikhalire? Munthu ukangomupempha, amakumbukira kuti ali ndi thumba. Njatiyo mbalame zimainyerera tsiku ndi tsiku, zinapempha kwa yani?"

Teofilo anangopitiriza kupinda malaya.

Tsiku lina masana kunalowa mayi wina wachilendo, ambulera ili kukhwapa. Anatambasula malaya amodzi, chala chake chikuyenda m'munsi mwa chithunzi ngati akufunapo kanthu.

"N'chokongola. Anajambula ndani?"

Minda anamuyang'ana cham'mbali. Wogula amafunsa mtengo; uyu sanafunse. Ameneyu, anaganiza, ndi kazitape wa Nonoy basi, wasitolo ya kuseri kwa tchalitchi, amene diso lake silichoka pamalonda a anzake.

"Timangopikula ku Manila, mayi. Mugula, kapena mwadzausa dzuwa?"

"Ndimati mwina tikambirane za dzina la..."

"Kawauzeni okutumaniwo kuti kuno kulibe chitsiru."

Mayiyo anapinda malaya aja bwinobwino, natuluka.

M'mawa wa chikondwerero, njati zamoyo zikudutsa zitavekedwa maluwa, mayi uja anatulukiranso, loya ali pambali. Anali Remedios, mwana wa malemu Crisanto Abalos, wosema chiboliboli chija.

"Malaya amodzi okha akagulitsidwa, tikaonana kukhoti," anatero loyayo.

"Nanga Nonoy?" anakuwa Minda akuloza kutsidya, komwe anthu anali kulimbirana malaya a Nonoy. "Njati yake si yomweyi?"

"A Nonoy anabwera kunyumba, tinamwa khofi," anayankha Remedios. "Sindinawalipiritse ngakhale peso. Ndinangowapempha kuti m'munsi mwa chithunzi alembe dzina la bambo anga. N'zomwenso ndinadzera kwa inu tsiku lija."

"Ndiye tilemba lero lomwe, mayi anga! Khalani pansi, Jun akugulireni chozizira."

"Chitsiru chilibe mpando kuno, mwaiwala?" anatero Remedios.

Ng'oma zinalira mpaka madzulo, chitseko cha Minda chili chitsekere. Malaya olembedwa chaka sadikira chaka china. Ena anapukutira makina, ena Teofilo amagona nawo mpaka lero. Minda akasuzumira pazenera, njati ija imangomuyang'ana.

Mavu amene ankawaopa anali njuchi zodzamupatsa uchi. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.