Nkhuku za M'khoma

Loweruka lililonse m'mawa, pakhomo pa shopu ya a Nyundo pankakhala mzere wa anthu onyamula matumba. Sankadzagula mipando kapena zitseko ayi. Ankadzatenga utuchi wokayala m'makola a nkhuku zawo. A Nyundo ankaupereka ulere, uku akuyankhula mokweza ngati mlaliki wa pamsika.

"Tengani, tengani! Nkhuku ya m'tauni izigona pofewa ngati bwana. Anakumenyerani nkhondo kuti muziweta ndani?"

"Ndinu, a Nyundo!" anthu ankayankha akuseka, poti funsolo anali atalimva kambirimbiri.

Sikuti ankanama. Matauni ndawaona ambiri ine, a madoko ndi a migodi omwe, koma munthu wouma khosi pa nkhani ya nkhuku ngati kalipentala ameneyu sindinamupeze kwina kulikonse. Dzina loti Nyundo analitengera kumisonkhano ya khonsolo, kumene anakhomerera nkhani imodzimodziyo zaka zitatu mpaka akuluakulu anakweza manja. Lamulo linatuluka: banja lililonse liwete nkhuku zathadzi zisanu ndi imodzi basi, iliyonse ivale kamphete ka nambala kumwendo, tambala asapezeke, ndipo nkhuku ikadwala kapena kufa, mwiniwake akanene tsiku lomwelo kwa mlangizi wa ziweto. Chilolezocho chinali chongoyesera kwa chaka chimodzi. Chakacho chikatha bwino, lamulo lidzakhazikika. Kukachitika chovuta, makola onse adzaphwasulidwa. Mumsewu mwawo munamangidwa makola makumi awiri.

Koma munthu amene anamenyera nkhuku zisanu ndi imodzi anaona kuti kwa iye mwini zachepa. Chakumapeto kwa shopu yawo a Nyundo anamanga khoma lamatabwa, kusiya mpata wa mapazi asanu kuchokera pa khoma lenileni. Analipala bwino, nakolekapo masowo ndi zida zina, ndipo kachitseko kake anakalumikiza mwaluso moti ngakhale kalipentala mnzawo sakanakaona. Kuseri kwakeko anaikako nkhuku makumi anayi zopanda mphete, zogula pa galimoto ya anthu ongodutsa. Ankadziwa ndi akazi awo okha.

"Bambo, lamulo munalilemba ndi dzanja lanu," anatero mayiwo, "lero muliponde ndi phazi lanu lomwe?"

"Mayi, lamulo ndi thabwa. Wodziwa ntchito amadziwa polipala. Likadzakhazikika, anthu adzayamba kupempha zoweta zambiri, ndiye adzapeze ine ndili kale patsogolo."

Kutatsala masabata atatu kuti chaka chikwane, tsiku lina masana a Nyundo anatsegula kachitseko kaja atanyamula chakudya. Masiku onse nkhuku zinkawathamangira, koma tsikulo palibe inasuntha. Ziwiri zinali gone pakona, miyendo ili tasa. Pansi panali zitosi zobiriwira. Pakati pa kachipindako panaima nkhuku imodzi yoyera, khosi lake litapotoka, mutu uli chadodolido, diso likuyang'ana kudenga. Inkazungulira pamalo amodzi pang'onopang'ono, osalira, ngati ikufunafuna chinthu chimene chili kumbuyo kwake. A Nyundo anaika chakudya chija pansi. Matendawo ankawadziwa: chitopa.

"Pitani kwa alangizi lero lomwe," anatero akazi awo.

"Ndikanene kuti chiyani? Funso lawo loyamba ndi nambala ya mphete. Ndiwapatse nambala ya nsapato yanga?"

"Nanga za anzathu?"

"Masabata atatu okha, mayi. Pakhoma langa sipadutsa ndi mphepo yomwe."

Anakwirira zakufazo kuseri kwa mulu wa matabwa, nasesa m'kachipinda muja. Tsache lomwelo ndi limene anasesera shopu yonse, kuunjika utuchi pamalo pake pa masiku onse.

Loweruka litafika, mzere unaima pakhomo. Mayi aja anawakoka malaya amuna awo. "Lero musagawe. Nenani kuti watha."

"Watha bwanji mulu akuuona ndi maso? Ndikawakaniza ayamba kufunsa, ndipo funso limabala linzake."

Woyamba pamzere anali mlongo wawo wa a Nyundo, mayi wamasiye wosoka zovala, amene nkhuku zake ankazitcha ana ake.

"Achimwene, ndidzazireni mpaka kukamwa. Ana anga akudandaula kuti matiresi atha."

"Ana akowo adzayamba kupempha mapilo," anatero a Nyundo, anthu n'kuseka. Anagwada nadzaza thumbalo ndi manja awo, kulitsindira, kulimanga. Atamaliza anapukuta manjawo pa buluku kangapo, ngakhale anali oyera.

M'kachipinda muja zinthu zinanka ziipiraipira. Lero zitatu, mawa zisanu. A Nyundo anaona kuti akamakumba tsiku ndi tsiku anansi adabwa. Tsono anaikamo ndowa ya madzi ndi chakudya chambiri, anatseka kachitseko, n'kukakhomerera ndi misomali khumi ndi iwiri, zamoyo ndi zakufa zili momwemo.

Tsiku lotsatira khoma linayamba kugogoda.

Sikunali kugogoda kwamphamvu ayi. Go. Go. Go. Kenako zii. Ankati akakhoma msomali pa mpando katatu, khoma linkayankha katatu. Akasiya, nalonso linkasiya, ngati likumvetsera. Mphunzitsi wina amene anadzatenga tebulo lake anatembenuka n'kuyang'ana masowo aja akugwedezeka pang'ono pamisomali yake.

"A Nyundo, mwatsekera munthu m'menemo?"

"Ndi matabwa aawisi, aphunzitsi. Akamauma amayankhula."

Anatola chopalira n'kuyamba kupala thabwa lomwe linali losalala kale, kupala ndi mphamvu mpaka mphunzitsiyo anatuluka. Kuyambira tsikulo ankagwira ntchito atafulatira khomalo, koma kumbuyo kwa khosi lawo kunkawauza kuti pali diso likuwayang'ana pa mng'alu wa matabwa.

Kenako msewu unayamba kutonthola. Chaka chonse, dzuwa likakwera, nkhuku zikaikira zinkatetera khomo ndi khomo ngati amayi akuuzana nkhani pampanda. Tsopano phokosolo linayamba kuzima, lero nyumba iyi, mawa iyo, mpaka masana munthu ankatha kumva mapazi ake okha. Akhwangwala anabwera n'kudzandanda padenga la shopu. Sankalira. Ankangokhala phee, onse atayang'ana mbali imodzi, ndipo ukawagenda ankangodumpha n'kuteranso pomwepo. Nkhuku zamphete za a Nyundo, za m'khola la pabwalo, nazonso zinafa, ndipo izo anakazinena msangamsanga, mokweza kuposa aliyense.

"Ndi mbalame zakutchire zabweretsa zimenezi!" ankauza anansi. "Taonani akhwangwalawo!"

Mlongo wawo anafika masana ena atafukata kanthu m'nsalu. Atavundukula, inali nkhuku yake yomaliza, khosi lopotoka, mutu woyang'ana kumsana.

"Achimwene, inu mumadziwa zonse za nkhuku. Mwana wangayu akuyang'ana chiyani kumbuyoko?"

A Nyundo anatchera khutu kumapeto kwa shopu. Khoma linali chete tsikulo, ndipo anapeza kuti kukhala chete kwake kukuwaopsa kuposa kugogoda kuja.

"Kwa alangizi ndanena kale," anapitiriza mlongoyo. "Tsiku lomwelo, monga munatiphunzitsa."

Mlangizi wa ziweto anali mayi wosachulutsa mawu, wovala majombo oyera. Anayenda msewu wonse, khola ndi khola, ndipo kutatsala masiku anayi kuti chaka chikwane analowa mu shopu ya a Nyundo, anansi akumutsata pambuyo.

"Bambo, mwa makola makumi awiri, limodzi lokha ndi limene chitopa sichinalowemo. La mnansi wanu wometa tsitsi."

"Mwayi wake," anatero a Nyundo.

"Mwayi wanji?" anayankha wometayo ali pakhomo. "Chiyambanire ine ndi inu pa nkhani ya benchi yopendekera ija, utuchi wanu sindinautengenso. Ndimayala udzu."

A Nyundo anatsegula pakamwa n'kuyamba kukhuthula mawu: zaka zitatu za misonkhano, makalata amene analemba, nsapato zimene anatha. Mlangiziyo sankawamvera. Maso ake anali pa khoma lamatabwa lija. Anthu anatsata maso akewo, ndipo mmodzimmodzi anasiya kunong'ona.

Pakhomapo panali ntchentche zobiriwira, mazanamazana. Sizinkauluka. Zinandanda motsata mng'alu umene diso la munthu silikanauona: mzere wokwera, mzere wopingasa, mzere wotsika. Luso lonse la a Nyundo linali litabisa chitseko, koma ntchentche zinachijambula pamaso pa aliyense.

"Kuseri uku kuli chiyani, bambo?"

"Khoma basi, mayi. Khoma la njerwa."

Go.

Kamodzi kokha, chapansipansi. Mayi wina anagwira pakamwa. Wometa uja anabwerera m'mbuyo mpaka kuponda mnzake.

Akazi awo a Nyundo, amene anaima duu pambali nthawi yonseyi, anayenda kupita patebulo, natola chozulira misomali, nachipereka kwa mlangizi. Mayiwo sanatembenuke n'komwe kuyang'ana amuna awo.

Misomali inatuluka ikulira umodziumodzi. Chitseko chitatseguka, fungo linakankha anthu mpaka panja. M'kati munali mulu wa nthenga ndi miyendo. Pamwamba pa muluwo panaima nkhuku imodzi yamoyo, yowonda ngati chikuni, mutu uli chadodolido. Sinathawe kuwala. Inangotembenuka pang'onopang'ono mpaka diso lake linapeza a Nyundo, n'kuima.

"Mukanandiuza tsiku loyamba," anatero mlangizi atatseka mphuno ndi mpango, "tikanachotsa izi zokha, n'kutemera za msewu wonse. Mukanachita manyazi sabata imodzi. Tsopano zimene ndaonazi ndikazinena kukhonsolo, ndipo chimene akagamule mukuchidziwa, poti munachilemba ndinu."

Mlongo wawo anayandikira. Sanakuwe ayi, ndipo zikanakhala bwino akanakuwa.

"Achimwene, tsiku lija munagwada n'kundidzazira thumba ndi manja anu, munali mukudziwa?"

Munthu amene anagonjetsa khonsolo ndi pakamwa anaweramitsa mutu n'kuyang'ana utuchi wa pansi. Mlongoyo anadikira pang'ono, kenako anatembenuka n'kumapita.

Chilolezo chinathetsedwa sabata yomweyo. Anthu anaphwasula makola awo okha, ndi zida zobwerekana, osafuna kuitana kalipentala. Ngakhale wometa uja, amene nkhuku zake zinali zonenepa bwinobwino, anazikweza panjinga kukazipereka kwa achibale kunja kwa tauni. Podutsa pa shopu anaimika njinga, nayang'ana a Nyundo amene anali atakhala pakhomo, manja ali m'masaya.

"Amisiri," anatero, "khoma munamanga lokongola, sindikana. Koma linabisa chiyani?"

Silinabise kanthu. Linangochedwetsa mbiri mpaka inakula kukwana msewu wonse, ndipo chimene chikanathera m'kachipinda kamodzi chinaphwasula makola makumi awiri. Akuluakulu sananame pamene anati: bisani matenda, maliro tidzamva.