Matayala a Nkhosa pa Galimoto ya Njiri

Masiku aja nyama zinkayendetsa galimoto ngati anthu, pamwamba pa phiri la Kadzunje pankakhala Nkhosa ndi Njiri, makomo awo moyang'anizana. Onse awiri anali ndi mapikapu a mtundu umodzi, ofanana ngati mapasa. Ya Nkhosa inkatuta njerwa ndi mchenga, pamene ya Njiri inali matola, yotsitsira anzawo ku msika wa kuchigwa. Vuto linali la Njiri: pepala la pagalasi la galimoto yake linali litatha.

Lamulo la dzikolo linkati chaka chilichonse galimoto izikayezedwa, kuti aone ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu. Ikapambana, ankamata kapepala kozungulira pagalasi lakutsogolo. Agalu olondera msewu anali atamubweza kale Njiri kawiri, ndipo kachiwiriko anamuuza kuti akadzabweranso wopanda pepala adzabwerera wapansi.

Tsono galimoto ya Njiri inali yomvetsa chisoni. Matayala ake anali osalala ngati dazi, nyali inkayaka imodzi, ndipo mabuleki ankagwira ukawapopa katatu uku ukupemphera. Mwini wake anali waphuma, wosadziwa kuima n'kuganiza. Ukamuuza za matayala ankangoimika mchira n'kunena kuti galimoto imayenda ndi mtima wa dalaivala.

Nkhosa ndiye ankaisamala yake ngati khanda, koma anali ndi nthenda yake: manyazi. Mawu oti "ayi" anali nawo ndithu m'mimba, koma akafika pakhosi ankasanduka "chabwino". Khasu lake linkalima minda ya eni, ndipo wilibala yake inkagona kwa anthu osawadziwa n'komwe. Mkazi wake, Nachisale, ankamuseka mwachikondi kuti, "Bambo inu, tsiku lina adzakubwerekani ubweya mwezi wa Juni, inu n'kuwafunsa ngati wawakwana."

Nachisale yemweyo sankakwera matola a Njiri ngakhale pang'ono. Lachiwiri lililonse ankasenza dengu la kabichi n'kutsika phiri wapansi, ulendo wa maola atatu, n'kubwerako mawondo akuwawa. Ankati bola kutupa miyendo kusiyana n'kukwera bokosi la maliro lokhala ndi chiwongolero.

Tsiku lina Nachisale atapita kwawo kukazonda mayi ake, Njiri anaoloka msewu akumwetulira mpaka minyanga yonse kuonekera.

"Achimwene, ndabwera ndi kankhani kakang'ono," anatero Njiri. "Mundibwereke matayala anu anayi, nyali imodzi ndi mapadi a mabuleki. Tsiku limodzi lokha basi. Tikangochoka koyezetsa, ndibweza zonse."

"Nanga mukabweza, muziyendera chiyani?" anafunsa Nkhosa.

"Zomwe ndakhala ndikuyendera masiku onsewa. Kodi ndafa? Aliyense amachita zomwezi, achimwene. A Nguluwe aja anabwereka mpaka hutala. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako."

Nkhosa anaganiza za mtsetse wa phirilo, makamaka pokhota paja pamene ankapatcha pa Chigongono, pamene msewu umapindika mwadzidzidzi m'mphepete mwa phompho. Anamva "ayi" akukwera kuchokera m'mimba, wamphamvu kuposa masiku onse. Anatsegula pakamwa.

"Chabwino," anatero Nkhosa.

Awiriwo anagwira jeke ndi sipanala tsiku lonse, thukuta lili kamukamu. Galimoto ya Nkhosa inatsala itakhala pa njerwa, yopanda miyendo, itafunditsidwa lona kuseri kwa nyumba. M'mawa mwake Nkhosa anakwera nawo, akuti kukayang'anira matayala ake.

Atafika ku tauni ya kuchigwa anapeza kuti malo oyezera galimoto anasamuka. Pamene ankapadziwa kale panali patasanduka chigayo, ndipo Njiri sanafune kufunsa, poti kufunsa kumachedwetsa. Anazungulira msika kanayi, analowa pabwalo la sukulu, anakathera pakhomo la mochapira galimoto, dzuwa mpaka kufika pamutu. Safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo Nkhosa ankalakalaka phulalo: mumtima ankapemphera kuti malowo asapezeke, abwerere kwawo nkhani ithere pomwepo.

Pemphero lakelo silinayankhidwe. Bulu wina wokoka ngolo anawaona akudutsa kachisanu ndipo anawamvera chisoni.

"Ngati mukufuna koyezetsa, olokani mlatho uwo," anatero Bulu. "Pa mlambe mukhotere kumanzere. Mukaona chishedi cha malata ndi mzere wa magalimoto, mwafika. Koma mupite ndi mtima wodekha, woyeza wake ndi a Nanzikambe."

Nanzikambe anali wosathamanga. Ankaponya mwendo umodzi, n'kuganiza, n'kuuponyanso, diso lina likuyang'ana kutsogolo, lina kumbuyo. Mzere unkasuntha ngati nkhono, ndipo pofika nthawi yawo Njiri anali atafwenthera mpaka fumbi kubuka.

"Bwana, galimoto iyi munaiyeza kale chaka chatha," anadandaula Njiri. "Bwanji chaka chilichonse? Mumangofuna kutivutitsa."

"Denga la nyumba yanu munalifolera kamodzi kokha chimangireni?" anafunsa Nanzikambe. "Msewu umadya galimoto pang'onopang'ono ngati chiswe. Mwini wake saona, poti amaizolowera. Ikwezeni padzenjepo."

Analowa m'dzenje loyezeramo, kanyundo m'manja, n'kumagogoda kunsi kwa galimoto uku akutchera khutu. Anatuluka, anayatsitsa nyali, analizitsa hutala, anagwedeza chiwongolero. Anauza Njiri kuti athamangitse galimoto pabwalo n'kuponda mabuleki, ndipo inaima nji, Njiri mpaka kudzimenya mphuno poti sanazolowere. Kenaka Nanzikambe anapisa chala m'mizere ya matayala, n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana manati.

"Manati awa amasulidwa posachedwapa," anatero. "Matayalawa ndi a galimoto ino?"

"Ndagula dzulo, bwana," anayankha Njiri msangamsanga. "Atsopano ndithu. Funsani achimwene angawa, analipo."

Diso limodzi la Nanzikambe linakhala pa Njiri, linalo linatembenuka pang'onopang'ono mpaka linapeza Nkhosa. Linamudikira. Nkhosa ankangofunika kunena mawu awiri okha, akuti "ndi anga", koma Njiri anali pambali pake akupumira paphewa lake. Anaweramitsa mutu n'kuugwedeza movomera.

Nanzikambe anapuma mozama. Anadinda pepala, analimata yekha pagalasi, n'kulisalaza ndi chikhatho.

"Ine ndimayeza zomwe mwandibweretsera lero," anatero. "Zomwe muli nazo zenizeni, adzayeza ndi phiri. Pitani bwino."

Njiri anaimba nyimbo njira yonse yobwerera. Atafika anamasulanso zonse. Matayala abwino anabwerera kwa mwini wake, madazi aja anabwerera kwa Njiri, ndipo pagalasi pepala linkawala lili mbee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nachisale atabwerako, Nkhosa anafuna kumuuza. Anayesa pa chakudya, anayesa ali kudimba, anayesa akutsuka galimoto, koma nthawi zonse ankaona m'maganizo nkhope ya mkazi wake itagwa, ndipo manyazi ankamutseka pakamwa. Anadzitonthoza kuti palibe vuto, poti Nachisale sakwera matola a Njiri. Tonse timadziwa kudzinamiza kotereku, ndipo kumagwira ntchito mpaka tsiku lomwe kwalephera.

Lachiwiri linacha ndi kamvula kowaza. Nkhosa anali atapakira kale njerwa za a Mbira, amene anamupempha kuti awatutire ku mudzi wa kuseri kwa phiri, naye n'kulephera kukana. Nachisale anatuluka ndi dengu lake akutsimphina pang'ono, n'kuima pafupi ndi galimoto ya Njiri imene inali itadzaza kale theka. Matayala anali atamira m'matope a pamsewu, koma pepala linkaoneka bwinobwino.

"Bambo, taonani!" anaitana Nachisale mokondwa. "A Njiri apambana koyezetsa. Ndiye kuti anakonzetsa. A Nanzikambe aja sanamizika, akamata pepala ndiye kuti galimoto ili bwino. Lero ndipumitseko mawondowa."

Mtima wa Nkhosa unagwa. Anayandikira n'kugwira dengu la mkazi wake ngati akufuna kulitsitsa. Onse okwera anali akumuyang'ana, ndipo Njiri anatulutsa mutu pawindo akumwetulira.

"Achimwene, auzeni alamuwa asaope," anatero Njiri. "Inu munaona ndi maso anu mmene inaimira ija."

"Zoona, bambo? Munaona?" anafunsa Nachisale.

"Ndinaona," anatero Nkhosa, mawu ake ali pansipansi. Anakweza dengu lija m'galimoto ndi manja ake omwe. "Muyende bwino, mayi."

"Ndikugulirani mchere ndi sopo," anatero Nachisale. "Nkhuku zija muzitsegulire musanachoke."

Pakhomo pa Nkhosa msewu wonse unkaoneka, ukukhotakhota mpaka kuchigwa. Iye sanatsegulire nkhuku, sanalize galimoto, anangoima chilili akuyang'ana. Matola aja anatsika bwino pokhota poyamba ndi pachiwiri, ndipo Nkhosa anayamba kupuma. Kenaka anaona kuti liwiro likukula pamene likanayenera kuchepa, n'kumva hutala ikulira osalekeza, kulira kwa chinthu chopempha thandizo. Pa Chigongono msewu unakhota, koma galimoto sinakhote.

Nkhosa analumphira m'galimoto yake, njerwa zili momwemo, n'kutsika phiri akulira mokweza. Msewu unali woterera, katundu anali wolemera, koma pofika pa Chigongono anaponda mabuleki kamodzi kokha ndipo galimoto inaima nji. Matayala aja anagwira msewu bwinobwino, monga ankachitira masiku onse. Palibe chinamupweteka mtima ngati kuima kumeneko.

Kunsi kwa phompho kabichi anali mbwee pamiyala. Okwera ena ankabuula, ena anali atakhala pansi osadziwa kumene ali. Njiri anali moyo, koma mawondo ake akutsogolo anali ataphwanyika, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero amadya chogwada. Nkhosa anapeza Nachisale pansi pa mtengo wa msuku, chitenje chili chimangire m'chiuno, atapita kale.

Pafupi ndi iye panali chidutswa cha galasi lakutsogolo. Galimoto yonse inali itaphwanyika, koma pepala lija linali losang'ambika, chidindo chake chikuoneka bwino. Nkhosa analitola n'kukhala nalo pansi m'matopemo mpaka anzake anabwera kudzamunyamula.

Pamaliro anthu anamutonthoza kuti tsoka silinunkha, ndipo ena anayamba kunyoza Nanzikambe kuti wakalamba, maso ake saonanso. Nkhosa anamva zonsezo, ndipo tsoka limeneli iye ankadziwa kuti linanunkha, analimva fungo masiku asanu ndi awiri athunthu. Chisoni chinamudya mpaka ubweya unayamba kuthothoka. Ankadzuka, kutsegulira nkhuku, kukhala pakhonde kuyang'ana msewu, tsiku n'kutha.

Chaka chitazungulira, pepala la galimoto yake nalo linatha. Ulendo uno sanasochere: anaoloka mlatho, anakhota pa mlambe, anaima pamzere. Nanzikambe anagogoda kunsi, anayatsitsa nyali, kenaka anafika pa matayala. Anapisa chala m'mizere, n'kuima pa tayala lakutsogolo limene linali ndi kachipsera m'mbali.

"Matayala awa ndinawaonapo," anatero Nanzikambe, maso onse awiri ali pa Nkhosa.

"Ndi anga, bwana," anatero Nkhosa, misozi ili chuchuchu. "Analinso anga tsiku lija. Ndi anga!"

Anafuula mpaka onse a pamzere anatembenuka. Nanzikambe sanamukalipire. Anamata pepala pagalasi, n'kulisalaza ndi chikhatho monga mwa masiku onse.

"Ndamva," anatero. "Ndinawadikira mawu amenewa chaka chatha."

Nkhosa anakwera phiri yekha, mpando wa pambali pake uli wopanda munthu. Galimoto inayenda bwino kwambiri.

Phunziro: Pepala siliimitsa galimoto pamtsetse, ndipo wonamiza woyeza sanamiza phiri. Chifundo chothandiza mnzako kubisa choopsa si chifundo ayi. "Ayi" wako umunene pa nthawi yake, chifukwa akachedwa sadzutsa amene wagona.