Mfuti Ziwiri za a Lufeyo

Kalekale, asilikali a Keyala atabwerako kunkhondo ya azungu, kumapiri a ku Ntcheu kunali bambo wina dzina lake Lufeyo Mtambalika. Anzake ankaweta ng'ombe, iye ankaweta mfuti. Sizinali zosakira nyama ayi, koma zakale zakunkhondo, zoti zinaleka kalekale kulira. Akangomva kuti kwakutikwakuti kuli mfuti yakufa, ankanyamula mbuzi kukasinthanitsa, n'kudzaipachika pakhoma. Mkazi wake anadandaula mpaka kutopa, anangomusiya ndi misala yakeyo.

Tsiku lina m'mawa kunafika mayi wina, Nasibeko, miyendo ili mbuu ndi fumbi la ulendo wa masiku awiri.

"Bambo, ndabwera ndi pempho," anatero atagwada. "Atate anga anali sajeni kunkhondo. Pobwerera, mkulu wa asilikali anawapatsa mfuti yawo, koma chaka cha njala mchimwene wanga anaisinthanitsa ndi chimanga. Yadutsa m'manja ambiri, ndipo ndamva kuti inathera kuno. Atatewo maso anafa, ndipo panopa ali kayakaya. Akuti akufuna aigwireko kamodzi asanatsikire kuli chete."

Lufeyo anagwidwa ndi chisoni. Koma pakhoma panali mfuti ziwiri za mtundu umodzi, ndipo Nasibeko anali kamwana pamene mfutiyo inkachoka pakhomo, moti sakanaizindikira. Lufeyo anatsitsa yonyezimira, yomwe ankaipukuta ndi mafuta Loweruka lililonse.

"Mfuti ya sajeni ingakhale iti kuposa iyi? Tengani, mayi, nyamukani dzuwa lisanakwere."

"Nanga ikakhala kuti si imeneyi?" anafunsa Nasibeko. "Njira yake ndi yaitali, bambo. Sindidzawapezanso kachiwiri."

Apo Lufeyo anamanga mfuti zonse ziwiri m'chiguduli, n'kupita naye mayiyo kwa a Dzamalala, mkulu wosula zitsulo amene paunyamata wawo ankakonza mfuti za asilikali. Anthu ankati mkuluyu akamayankha moni wam'mawa, nkhuku zimakhala zikulowa m'khola. Kunali kukokomeza, koma osati kwambiri.

A Dzamalala anayamba ndi yonyezimira ija. Anaimasula chidutswa ndi chidutswa, n'kuziyala pachikopa. Thabwa lake analinunkhiza.

"Mlombwa uwu," anatero. "Wamera konkuno, sunawolokepo nyanja. Nambala ya pampope ndi ina, ya pachotsekera zipolopolo ndi inanso. Kachitsulo aka kadutsa patupa wa munthu wa dzanja lolemera. Imeneyi si mfuti imodzi, a Lufeyo, ndi mfuti zinayi zobvala malaya amodzi."

Lufeyo anachita manyazi, pakuti imeneyo ndi imene ankayamba kuonetsa alendo.

"Basitu ndiye kuti ndi inayo," anatero mofulumira.

"Kodi mfuti za mtundu umenewu zinali ziwiri zokha padziko?" anafunsa a Dzamalala.

Anatenga yachiwiri, yakuda ndi dzimbiri, yosaoneka bwino n'komwe. Anaimasulanso. Manambala onse anagwirizana, thabwa linali la kutsidya kwa nyanja, ndipo panalibe pamene tupa anadutsapo. Nasibeko anadzuka kuti ailandire, koma mkuluyo anangokweza dzanja.

"Yosasinthidwa ndiyo ndithu. Koma mwini wake sindinamuonebe."

Dzuwa linafika paliwombo, a Dzamalala akuiyang'anabe mfutiyo. Ankaitembenuza pang'onopang'ono kuti kuwala kugwere chammbali, kenaka ankatsinzina n'kuisisita ndi nsonga za zala. Nasibeko mtima unali m'mwamba, poganiza kuti mphindi iliyonse imene akukhala pano ikuchotsedwa pa moyo wa atate ake. Lufeyo anatuluka n'kulowa kasanu. Dzuwa litapendeka, zala za mkuluyo zinaima pamalo amodzi.

"Mwana wanga," anatero motsitsa mawu, "kodi atate ako ndi amanzere?"

Nasibeko anagwira pakamwa. Sanauzepo munthu aliyense kumeneko zimenezo. Misozi inangoti mbwee.

"Amanzere, agogo. Ngakhale khasu amagwirira kumanzere."

"Bwera ugwire apa. Msilikali akamalunjika, amatsamiritsa tsaya pathabwa, ndipo pakapita zaka thabwalo limalowa pang'ono. Anthu ambiri amalidya mbali iyi. Koma ili ladyeka mbali inayo, ndipo kachitsulo kokhethemulira kasalala cha kumanzere. Tsaya la atate ako lili pano."

Onse anagwirapo mmodzimmodzi, ndipo kunalidi kadzenje kosaoneka ndi maso, kongomveka ndi chala.  Mfutiyo inakhala m'nyumba mwa Lufeyo zaka zisanu ndi ziwiri, iye osadziwa kuti ikusunga nkhope ya munthu.

"Mwaona bwanji zimenezi, akuluakulu?" anafunsa Lufeyo monong'ona.

A Dzamalala analoza nkhono imene inkakwera pamtsuko wa madzi oziziritsira zitsulo.

"Igwireni muone maso ake."

Lufeyo anaigwira, nkhono n'kubwerera m'chigoba.

"Tsopano isiyeni, mukhale pansi."

Anakhala. Patapita nthawi, tinyanga tiwiri tinatuluka, tili ndi timaso kunsonga.

Atalandira mfuti ija kwa Lufeyo, Nasibeko anayenda osapuma, ndipo anawapeza atate ake akadali ndi mpweya. Anawaikira mfutiyo m'manja. Nkhalambayo inaipapasa, n'kuikweza paphewa lamanzere, ndipo tsaya linakalowa m'malo mwake ngati phazi m'nsapato yakale.

"Ndi yomweyi," anatero. "Wandipezera mnzanga."

Anagona nayo pambali masiku atatu, lachinayi anatisiya.

Kuchokera pamenepo, ana inu, anthu anayamba kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tanthauzo lake ndi lakuti choonadi cha chinthu sichionekera munthu wa phuma. Ukachikakamiza chimabisala, ukachifatsira chimadzionetsa chokha. Nasibeko akanathamanga ndi mfuti yonyezimira ija, akanafika msanga ndithu, koma atate ake akanamwalira atagwira chitsulo cha eni.