Kalole ka Nangondo pa Khwekhwerere

Aphunzitsi anu adzakuuzani kuti miyambi yonse inapangidwa ndi makolo a kalekale ovala nyanda. Asiyeni anene, ndi ntchito yawo. Ine ndakalamba ndikuyenda msewu wa Khwekhwerere, ndipo ndikuti mwambi umene ndikupatseni lerowu unabadwira pamwamba pa phiri limene msewuwo umakwera. Anaubala ndi mayi wina wa ku Golomoti, dzina lake Nangondo.

Mwamuna wa Nangondo atamwalira, anasiya ana ang'onoang'ono ndi kalole kokalamba. Kaloleko ndiko kankadyetsa pakhomo. Mayiyu anaphunzira kuyendetsa, n'kumanyamula mpunga wa ku Bwanje kukagulitsa kumtunda, m'misika ya ku Dedza. Koma Khwekhwerere si msewu wamasewera. Umakwera ukukhota, ukakhota ukweranso. Kalole kankakwawa moti abusa a mbuzi ankakapitirira wapansi, ndipo Nangondo ankafika pamsika anzake atagulitsa kale.

Zitamukwana, anapita kwa makaniko wina dzina lake Kamtedza kuti amuikire injini ya tebo, yochotsedwa m'galimoto ina imene inagwa. Tebo ndi kachipangizo kamene kamazungulira ndi utsi wotentha wa injini, n'kumakankhira mpweya wambiri mkati kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Kalole kanasinthiratu. Kankakwera phiri kakuimba kamluzu, Nangondo n'kumafika pamsika woyamba.

Chisangalalo chinatha mwezi wa Okutobala utafika. Oyilo amene amadutsa mu tebo ankapsa n'kusanduka ngati madzi. Pakati pa phiri pali khota lina pamene pamera mkuyu, ndipo pamenepo kanyali kofiira kochenjeza dalaivala kankayaka, injini n'kuyamba kulira mogogoda. Nangondo ankaima pansi pa mkuyuwo mpaka dzuwa kupendeka. Madalaivala athu, mukuwadziwa, mankhwala awo ndi amodzi: chilichonse chikatentha, thirani madzi. Mayiyu anasenza zigubu, kuthira m'redieta yoziziritsira injini, kuthira pamwamba pa injini, koma ayi ndithu. Madzi analibe mlandu, wodwala anali oyilo.

Apa m'pamene anatulukira Alifeyo, mkulu wake wa malemu uja. Bamboyu sanagwirepo sipanala chibadwire, koma kalole kankamusowetsa tulo kuyambira tsiku la maliro. Anaitanitsa ankhoswe n'kukhala pakhonde atapingasa miyendo.

"Alamu," anatero Alifeyo, "galimotoyi ndi thukuta la mng'ono wanga. Mwaiika zinthu zachilendo, tsopano ikufa tikuona. Tiigulitse isanasanduke khola la nkhuku."

"Nanga ana a mng'ono wanuyo adzadya chiyani?" anafunsa Nangondo.

"Khasu lilipo. Akazi anzanu akulima."

Ankhoswe, poopa kukhumudwitsa mbali iliyonse, anagamula kuti kalole kakangoimanso pa mkuyu paja, makiyi apite kwa Alifeyo. Nangondo anapsa mtima, koma anayankha mosakweza mawu.

"Chabwino. Tsiku la msika likudzali ndinyamuka dzuwa lili paliwombo, katundu wodzaza. Inuyo alamu mukhale kutsogolo, kuti musadzamve za m'maluwa."

M'mawa mwake Nangondo anali kwa Kamtedza. Makanikoyo anakanda m'mutu nati, "Mayi, njira yachidule ndi kuchotsa tebo. Mubwerere pa injini yofatsa, muzikwera pang'onopang'ono ngati kale."

"Ngati kale? Ndizifikanso msika utatha? Iyayi, bambo. Phala la mwana likatentha sitilitaya, sitizimitsanso moto. Timalithira m'mbale yotakata, mphepo ilipozetse, mwana adye. Oyiloyo mutulutseni apitidwe mphepo, kenako abwerere."

Kamtedza anaseka mpaka kugwira bondo. Anati chinthu chotero chilipo, karedieta kakang'ono koziziritsira oyilo, ndipo kanali mumulu wa zitsulo kuseri kwa galaja. Anakatsuka bwinobwino n'kukamanga kutsogolo kwenikweni, pamene mphepo imayambira kumenya. Anatenga mapaipi awiri olimba kuchokera pamene pamakhala sefa wa oyilo, lina lotulutsa oyilo wotentha, lina lomubweza atazizira, n'kuwapititsa kutali ndi paipi ya utsi kuti asapse.

"Koma mwadziwonjezera ntchito, mayi," anachenjeza motero. "Oyilo azilowa wambiri kuposa kale. M'mawa uliwonse muzigwada n'kusuzumira pansi ngati mapaipi sakudontha. Limodzi likaphulika, injini yapita. Ndipo mukafika musamazimitse msanga, tebo iziyamba yapuma."

"Kugwada ndimagwada kale potsuka miphika," anayankha Nangondo.

Tsiku la msika kunatentha koopsa. Alifeyo anabwera atavala jekete ndi nsapato zopolisha, popeza anali atapangana kale ndi wogula wina kuti akawadikire pamphambano ya pamwamba pa phiri ndi chingwe chokokera. Anakwera kutsogolo, Nangondo n'kuliza injini.

Asanapite patali, jekete inanyowa. "Ha, dzikoli lapsa!" anadandaula Alifeyo akudzipepesa ndi chipewa. "Mvula ili kuti? Ingogwa, abale, tipume."

Nangondo anagwira chiwongolero zolimba. Maso ake anali pamsewu ndi pa kanyali kaja. Ankadziwa kuti kakangoyaka, ana ake agona ndi njala chaka chonse. Anasintha giya, tebo inayamba kamluzu kake, matumba a mpunga akulemera kumbuyo. Khota loyamba linadutsa, lachiwiri linadutsa, mkuyu uja n'kuonekera.

"Imani, alamu," anatero Alifeyo. "Ndikumva fungo la kupsa. Imani musanatiphe!"

"Fungolo ndi la jekete yanu."

"Ndati imani! Ndine mkulu pano!"

"Ukulu wanu ukathera pakhonde. Pano chiwongolero chili m'manja mwanga."

Anaponda mafuta. Mkuyu unatsalira m'mbuyo, kanyali kali zii, osaphethira n'komwe. Nangondo anafuula yekha ngati wamisala, misozi ikutsika, kalole kakukwerabe.

Akuyandikira pamwamba, mitambo imene inali itaunjikana kumapiri a Dedza inamasuka. Inali chizimalupsa, mvula yoyamba ija yobwera mwaukali. Pofika pamphambano, fumbi lonse linali litasanduka phala. Wogula uja anaima pansi pa khonde la sitolo, chingwe chili m'manja, kukamwa kuli yasa. Nangondo anaimika kalole pambali, injini n'kuisiya ikulira pang'onopang'ono monga anauzidwira.

Alifeyo anatsika mwamanyazi, phazi loyamba n'kumira mpaka m'kakolo. Pozula, nsapato inatsalira pansi.

"Matope a chiyaninso awa!" anakalipa.

Nangondo anatulutsa mutu pawindo, n'kulankhula mokweza kuti onse obisala mvula amve.

"Alamu, njira yonseyi mumalira mvula. Walira mvula walira matope! Inenso ndinalira liwiro, moto unabwera nalo limodzi. Kodi ndinathawa? Zulani nsapato yanuyo. Makiyi awa simudzawagwira, ndi a ana a mng'ono wanu."

Anthu anaseka mpaka ena kugwetsa mitolo, ndipo mawuwo anatsika phiri tsiku lomwelo pakamwa pa madalaivala.

Tsono mukamamva akuti walira mvula walira matope, tanthauzo lake ndi lakuti chabwino chilichonse chimene ukuchifuna chimabwera ndi mavuto ake, ndipo sungalandire chimodzi n'kukana chinzake. Ambiri amaugwiritsa ntchito poseka munthu amene zamuvuta, kapena poopseza ana kuti asamalakelake zazikulu. Zimenezo zimandinyansa. Mwambiwu sukuti usalire mvula, pakuti wosalira mvula sakolola. Ukuti ukailira, pindiratu buluku, matopewo ndi akonso, uwaponde mpaka ukafike.