Chidothi Anachoka Osatsazika

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Chidothi, malume awo a agogo anga. Senderani kuno nonse. Iwenso Tiyese, usayang'ane kumbali ngati nkhaniyi ndi ya eni ake. Ndikudziwa kuti chikwama chako cha ku Joni chili kale kunsi kwa bedi, ndipo mayi ako sakudziwa kanthu.

Chidothi uja anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, Nangozo. Makolo awo anamwalira iwo akadali aang'ono, ndiye anakula awiriwiri ngati njere za mtedza m'khoko limodzi. Nangozo akaphika, woyamba kulawa anali Chidothi. Chidothi akakumba mbewa, yonona inali ya Nangozo. Koma Nangozo ankavala nyanda, nsalu ya khungwa la mtengo ija, pamene anzake amene alongo awo anapita ku Halale ankanyadira nsalu ya biriwita yakuda bii. Zimenezi zinkamudya Chidothi mumtima. Ankati, "Mlongo wanga azibisala kumbuyo kwa anzake pa gule chifukwa cha nyanda? Ine ndili moyo?"

Tsono masiku amenewo ulendo unali ndi mwambo wake. Ankati ulendo wautali saulula, ukaulula afiti akumanga miyendo, ukathera panjira. Anthu anzeru ankanong'onezako mmodzi wapamtima. Koma Chidothi, ndi mutu wake wouma uja, anati, "Nangozo akadziwa alira, akalira mudzi wonse udziwa." Ndiye m'mawa wina anangosenza khasu ngati akupita kudimba.

"Achimwene, mubwereko msanga, ndikuphika maungu," anatero Nangozo ali pakhomo.

"Undisungire," anayankha iye osacheuka n'komwe.

Undisungire! Kutsazika kwake n'kumeneko, ana inu? Anafika kudimba kuja m'mbali mwa Bua, naimika khasu m'mphepete mwa madzi, nawoloka mtsinje, ulendo n'kuyambika.

Anayenda, nayenda, nayenda. Mapiri akwathu ankachepa kumbuyo kwake, mpaka tsiku lina atacheuka anapeza kuti palibenso phiri limene akulidziwa dzina. Pamenepo mwamuna wamkulu uja anakhala pansi nalira. Womuuza kuti tonthola ndani? Panalibe. Anadzipukuta yekha misozi, nadzidzutsa yekha. Kumene miyendo inalema, ankagona. Kumene njala inamugwira, ankakazinga chimanga m'phale n'kumatafuna, maso ali kunjira ngati kubwera wina woti agawane naye. Atawoloka Zambezi, mawu a anthu anayamba kumutaya pang'onopang'ono, mpaka moni weniweniyu anasanduka wachilendo.

Ku Halale anapeza ntchito yoweta ng'ombe pa famu ina yakutali, kumene kunalibe munthu wakwathu ndi mmodzi yemwe. Kukacha, iye ndi ng'ombe. Dzuwa likapendeka, iye ndi ng'ombe. Ankazilankhula Chichewa kuti lilime lisaiwale, kuzifotokozera za Bua, za mbewa, za mlongo wake amene amaseka atagwira pakamwa. Chaka china malungo anamugwetsa. Kodi munadwalapo kumalo kumene kulibe wokufunsani kuti mwadzuka bwanji? Anakwawa yekha kukatunga madzi akumwa, n'kukwawanso kubwerera pamphasa. Chinkamulimbitsa ndi chinthu chimodzi. Ankati, "Kwathu akundidikira. Nangozo wandisungira maungu."

Akumudikira? Mverani zimene zinachitika kuno.

Tsiku lija dzuwa litafika pamutu, Nangozo anasenza maungu aja kupita nawo kudimba. Anapeza khasu lili chiimire, mapazi a mchimwene wake akulowa m'madzi, osatulukamo. Inu mukanaganiza chiyani? Bua wa nthawi imeneyo ng'ona zinali mbwee. Amuna anafunafuna m'mabango, osapeza ngakhale fupa. Ndiye anachita zimene makolo ankachita mtembo ukasowa: anadula thunthu la nthochi, nalikulunga mu mphasa, nakaliika m'manda m'malo mwa Chidothi. Nyumba yake anaigwetsa. Nangozo anametedwa mpala, nalira mpaka mawu anatha. Pambuyo pake anakwatiwa, nabereka ana, agogo anga ali m'gulumo. Koma dzungu sanalilawenso moyo wake wonse.

Uko Chidothi biriwita anaigula, inde. Atayiyang'ana anati imodzi yachepa, ndiwonjezereko bulangete. Atagula bulangete anakumbukira kutalika kwa njira, nati chaka chamawa. Chamawa, chamawa, mpaka imvi zinayamba kumera. Anadzalowa m'mudzi muno masana dzuwa lili nga, mtolo uli pamutu, akumwetulira yekha. Amayi amene ankasinja pamtondo atamuona anataya minsi n'kuthawa akukuwa, "Mzukwa! Mzukwa!" Iye anangoima pabwalo, pamene panali nyumba yake patamera nsonthi za udzu.

Mkulu wina wotchedwa Kamtedza, amene anakumba nawo manda aja, analimba mtima nasendera, namugwira dzanja kuti amve ngati likutentha.

"Ndiwedi, Chidothi? Unali kuti?"

"Ku Halale, akulu. Nangozo ali kuti? Ndamutengera nsalu."

Kamtedza anangomutsogolera kumanda, nakaima pa mitumbira iwiri yogundana, wina wakale wophwa, wina dothi lake likadali lofiira.

"Awa ndi manda ako," anatero Kamtedza. "Muli nthochi. Awa ndi a mlongo wako, watisiya dzinja lapitali. Potsirizira anatiuza kuti, 'Mukandigoneke pafupi ndi achimwene, akhala okhaokha nthawi yaitali.'"

Chidothi anamasula mtolo wake, natulutsa biriwita ija, naiyala pa mtumbira wofiirawo, nakonza m'mbali monse bwinobwino ngati akufunditsa mwana. Agogo anga anali kamtsikana, anaona ndi maso awo. Ankati Chidothi sanalire mokweza. Anangoti, "Ndabwera, mlongo wanga," n'kukhala pansi pakati pa manda awiriwo, ake ndi a Nangozo.

Afiti amene ankawaopa aja sanamugwire ngakhale chala. Anadzilodza yekha ndi pakamwa potseka. Kusungulumwa kwa kuchilendo kumapiririka ngati kwanu kuli munthu amene akudziwa kumene kuli mutu wako. Iye anakhala zaka zonsezo akuganiza kuti akudikiridwa, chonsecho kuno anamulira kalekale.

N'chifukwa chake m'banja mwathu muno munthu sachoka ngati wakuba. Amagwada, amatchula kumene akupita, amalola kuti omukonda alire iye akuona, kenako timamuperekeza mpaka pamphambano. Ulendo wako sindikuuletsa, Tiyese, mwamuna ndi miyendo. Koma mayi ako ali kuseri uko akupeta mphale. Dzuka, ukawauze.