Nkhokwe Yaikulu ya Kamphinda

M'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali munthu wina dzina lake Kamphinda. Anali ndi mkazi wake, Nasoko, ndi mwana mmodzi wamkazi, Esinati, amene anali atangosiya kuyamwa. Munda wake unali waung'ono ndiponso wa m'miyala, koma mvula ikagwa bwino unkawadyetsa atatuwo mpaka chimanga chachiwisi. Sanali waulesi, ayi. Vuto lake linali maso, chifukwa maso akewo sankakhazikika pakhomo pake.

Kutsidya kwa njira kunkakhala a Gwedeza, bambo wachikulire amene anali ndi munda waukulu kudambo ndi dimba lomwe. Nkhokwe yawo inali yaikulu kuposa zonse m'mudzimo, yolukidwa ndi nsungwi, yomatidwa bwino, moti anthu polondolera mlendo njira ankangoti akafika pa nkhokwe yaikulu akhotere kumanzere. Njala ikavuta, anthu ankapita kwa iwo. Iwo ankakwera pamakwerero n'kutsitsa chimanga, akunena mawu awo a nthawi zonse akuti, "Tengani, musachite manyazi." Dzina lawo linkatchulidwa mwaulemu ngakhale iwo palibe.

Ulemu umenewo Kamphinda ankaufuna mpaka mtima kumupweteka. Anayamba ndi zazing'ono. A Gwedeza ankavala chipewa cha mlaza, iye anapeza chake. Iwo ankayamba atsokomola asanalankhule pagulu, iyenso anayamba kutsokomola pakhosi palibe kanthu. Iwo ankayendera ndodo chifukwa ng'ombe inawavulaza bondo ali mnyamata, ndiye Kamphinda, munthu wa miyendo yake yabwinobwino, anadula ndodo n'kuyamba kutsimphina pang'ono. Anthu ankagwira pakamwa iye akamadutsa, ndipo iye ankayesa akumugomera.

Chaka china masika ali pafupi, anagwetsa kankhokwe kake kakale. Anadula nsungwi zambiri, naluka nkhokwe ina, akuyeza ndi maso kutsidya kwa njira kuti yakeyo isachepere ndi pang'ono pomwe. Nasoko anamufunsa chimene adzathiremo, popeza munda unali womwe uja. Iye anayankha kuti munthu amayamba ndi nkhokwe, chimanga chimabwera chokha.

Atakolola, chimanga chonse chinangokuta pansi pa nkhokweyo. Kamphinda anasuzumiramo, manyazi anamugwira. Tsiku la msika, mudzi uli zii, anatsitsa chimanga chija. Anadula mapesi, anatola makoko ndi zitsononkho za chaka chatha, nazipondera m'nkhokwemo mpaka kufika chakumtunda, kenako anayala chimanga chake pamwamba. Denga analisiya pansi masiku angapo, ati chimanga chiume, koma kwenikweni ankafuna odutsa aone. Ndipo anaonadi. Ankaima panjira n'kumati chaka chino a Kamphinda apha chimanga, kaya anathira chiyani m'miyala muja. Iye ankakhala pamthunzi wa nkhokweyo, chipewa kumutu, ndodo pamwendo, akumva kukoma.

Nasoko yekha ndiye ankadziwa. Akakwera kukatapa chimanga ankachita kusamala kuti asaboole n'kuonetsa zapansi. Anamuchenjeza mwamuna wake kuti bodza lotere silifika Febuluwale, koma mwamunayo anamuuza kuti atseke pakamwa, asamuvule pagulu.

Chaka chimenecho mvula inachedwa. Itabwera inagwa pang'ono n'kudula, chimanga cha m'minda chinapsa chisanamasule. Njala inalowa m'mudzimo msanga kuposa zaka zonse. Anthu anayamba kuphika mango osakhwima, ena kukumba zitsa za nthochi. Amene anali ndi nkhokwe zazing'ono sanabise kanthu, chifukwa aliyense ankaona yekha kuti mwatha chimanga, ndipo ankapita kwa a Gwedeza ndi malichero awo. A Gwedeza ankapatsa, ena powalimitsa ganyu kudimba, ena ulere. Mkazi wawo ankayenda khomo ndi khomo kuona kumene kuli ana aang'ono ndi nkhalamba. Pakhomo pa Kamphinda ankangopereka moni n'kupitirira, pakuti munthu sapita ndi chimanga kumene nkhokwe yafika pakamwa.

Pamenepo n'kuti chimanga cha pamwamba chija chitatsala pang'ono kwambiri. Kunyumbako ankadya kamodzi patsiku, ndipo ankadyera m'nyumba chitseko chili chotseka. Esinati anasiya kuthamanga pabwalo. Ankangokhala pakhonde, atatsamira chipupa, tsitsi lake litayamba kufiirira. Nasoko anapempha kuti apite kwa a Gwedeza monga anzake onse. Kamphinda anakana. Anati munthu wa nkhokwe ngati yakeyo akanyamula lichero kukapempha, mudzi wonse useka mpaka chaka chamawa.

Tsiku lina Lamulungu, anthu akuchokera kutchalitchi, panafika mayi wina wa kuseri kwa phiri ali ndi dengu lopanda kanthu. Anagwada pakhomo pa a Gwedeza. Iwo anali atagawa kwambiri, nkhokwe yawo itatsika, ndipo chotsalacho anali atachiwerengera kale makomo a ana. Anamupepesa mayiyo, kenako analoza kutsidya kwa njira, anthu onse akumva.

"Pitani kwa a Kamphinda apo. Chaka chino mwamuna ndi iwowo. Ine ndatha, koma iwo nkhokwe sanaiyambe n'komwe."

Mawu amenewo Kamphinda anawadikira zaka zambiri. Anawamva ali pamthunzi paja, ndipo anamulowa ngati madzi ozizira tsiku lotentha. Anthu anatembenuka kumuyang'ana. Nasoko anali pakhomo la nyumba, mwana ali kumsana, ndipo anamuyang'ana mwamuna wake m'maso n'kupukusa mutu pang'onopang'ono. Kamphinda anaona. Anadziwa bwino lomwe kuti chimene chatsala pamwamba paja ndi phala la Esinati. Komabe anatsokomola, anaimika ndodo, anakwera pamakwerero. Anatola chimanga chonse chimene chinalipo, mpaka dzanja linakhudza mapesi, nadzaza dengu la mayi uja.

"Tengani, musachite manyazi," anatero, mawu ake akumveka ngati a Gwedeza enieni.

Anthu anaomba m'manja. Mayi uja anamudalitsa iye ndi ana ake ndi zidzukulu zake. Madzulo a tsiku lomwelo Kamphinda anamangirira denga la nkhokwe ndi luzi kuti wina asasuzumiremo, nauza anthu kuti chotsalacho akusungira mbewu.

Kuyambira pamenepo Nasoko ankadzuka m'mamawa kupita kumidzi yakutali kumene sankamudziwa, kukagwira ganyu wolipidwa madeya. Mwamuna wake ndiye anamulamula kuti azipita kutali. Madeyawo mwana sanamuyanje. Anayamba kutsegula m'mimba, miyendo inatupa, nkhope inatupa. Mkazi wa a Gwedeza anamuona tsiku lina pakhonde ndipo anafunsa ngati mwanayo akudya bwino. Kamphinda anayankha msanga mkazi wake asanatsegule pakamwa. Anati ndi malungo chabe, amwa kale mankhwala, ndipo za kudya asadere nkhawa, pakhomo pano si posowa chakudya. Mayiyo anayang'ana nkhokwe, anayang'ana mwana, napita akuganiza kuti mwina ndi matenda ena.

Musaganize kuti Kamphinda sankamukonda mwana wake. Ankamukonda. Ankamunyamula n'kumamuyimbira, ndipo ankalira kuseri kwa nyumba kumene sakanaonedwa. Kangapo konse ananyamuka kuti awoloke njira ija akanene zoona. Koma akafika pakati pa njira wina ankamupatsa moni wa ulemu, womutchula kuti bambo wa mudzi, ndipo miyendo inkabwerera yokha. Ankadziuza kuti mawa. Ankadziuza kuti maungu ali pafupi kuyamba.

Tsiku limene Nasoko anatopa nazo, sanapemphenso chilolezo. Anabereka mwana nayamba ulendo wa kuchipatala, Kamphinda akutsatira pambuyo, ndodo ataiiwala. Chipatala chinali kutali. Asanafike pamtsinje wa panjirapo, Nasoko anaima n'kunena kuti mwana wazizira kumsana. Anamutsitsa pansi pa mtengo, ndipo anapeza kuti wapita.

Mudzi unasonkhana pamaliro. Monga mwa mwambo, anthu okhuza maliro amayenera kudya, adzukulu okumba manda amayenera kudya. Pamaliro a munthu wosauka aliyense amabwera ndi kaufa kake, koma apa anthu anabwera chimanjamanja, poti chaka chinali cha njala ndipo mwini maliro anali ndi nkhokwe yodzaza. Amayi ophika anatuma anzawo awiri kuti akatape chimanga akonole. Kamphinda anali pakati pa amuna, ndipo anawaona akudula luzi lija. Sanawaletse.

Mayi amene anakwera anapisa dzanja, natulutsa phesi. Anapisanso, natulutsa zitsononkho zofumbwa. Anafukula mpaka mkono wonse unalowa, osapeza ngakhale njere imodzi. Anatsika manja ali ndi fumbi lokhalokha. Palibe anaseka. Kuseka kuja Kamphinda ankakuopa moyo wake wonse sikunabwere. Kenako m'nyumba ya siwa Nasoko analira kulira kwina, kosiyana ndi kwa m'mawa, ndipo amayi onse anamvetsa chimene chinapha mwanayo.

A Gwedeza anatuma anthu kukatenga chimanga kwawo kuti adzukulu adye. Atatero anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi Kamphinda. Sanamukalipire. Analankhula motsitsa, misozi ili m'maso.

"Mwana wanga, ine ndinapatula dengu la khomo lililonse lokhala ndi mwana wamng'ono. La Esinati linalipo. Mkazi wanga ananditsutsa, ati mwana uja sakuoneka bwino, timupititsire. Ine ndinati ayi, tingawanyoze a Kamphinda, taonani nkhokwe yawo. Ndinalipereka kwina."

Kamphinda anavula chipewa chija, nachiyang'ana ngati sakuchidziwa. Anafuna kuyankha, koma mawu ake enieni anali atawasiya kalekale, ndipo obwereka kwa a Gwedeza aja sakanathandiza pamenepo. Anangogwira mwendo wa a Gwedeza n'kulira ngati mwana. Esinati anaikidwa madzulo a tsiku lomwelo, ndipo anthu amene anamukumbira manda anadya chimanga cha kutsidya kwa njira.

Inu amene mukundimvera, nkhani iyi sindikuinena kuti mumuweruze Kamphinda, chifukwa ambiri a ife tili ndi nkhokwe zathu zimene tinayeza ndi maso pakhomo pa mnzathu. Kusirira munthu wabwino si tchimo. Koma Kamphinda anatengera chipewa, ndodo ndi mawu, n'kusiya khasu ndi mtima. Ndipo onani chimene bodza lake linachita: silinapusitse adani, linapusitsa anthu amene akanamuthandiza. Mukamadzionetsa okhuta, amene amakukondani amakukhulupirirani, ndipo amapitirira ndi dengu lija. Ngati kwanu kwatsala mapesi, nenani lero, mwana akadali moyo. Amene amalipira ulemu wabodza kawirikawiri si mwini chipewa, koma wamng'ono amene wakhala chete pakhonde, akudikira phala.