Bulugamu Wothyoka M'chiuno

Panali mayi wina, katswiri wa zamitengo, amene anatha zaka khumi ndi ziwiri pa ntchito imodzi. Ankafuna bulugamu woti azipangira mafuta a galimoto. Koma mu mtengo muli chinthu chonga guluu, chotchedwa liginini, chimene chimagwira ulusi wake kuti ulimbe. Guluuyo akachuluka, mtengo umavuta kuusungunula kufakitale. Tsono mayiyo anasintha chibadwa cha mtengowo kuti guluuyo achepe.

Zinatheka. Mitengo yake inkatulutsa mafuta ambiri. Mwini fakitale imene inkamuthandiza pa ntchitoyo anakondwa, nalonjeza mbande kwa alimi mazana atatu. Alimiwo anapatula ndime zawo za chimanga, nakumba maenje.

Kutatsala mlungu umodzi kuti mbande zigawidwe, kumunda woyeserera kunawomba mphepo. Sinali yoopsa, ngakhale denga la udzu silinasasuke. Koma mayiyo atapita kukaona anapeza mitengo yake ya zaka zinayi itathyoka m'chiuno, pamene bulugamu wamba wa m'malire anali chilili. Anazindikira kuti pochepetsa guluu uja anaifooketsa mitengoyo.

Mwini fakitale atamva anati, “Mayi, munda uja uli kutali. Wauona ndani? Tiyeni tigawe basi.”

“Ndauona ine, bwana,” anayankha mayiyo. “Mitengo imeneyi idzagwa isanakhwime, mlimi atasiya kale chimanga.”

Tsiku logawa litafika, mayiyo sanabweretse mbande. Anakweza atsogoleri a alimi pa lole, napita nawo kumunda kuja. Anawauza kuti agwire okha pothyokapo. Ena anakwiya, poti thukuta lawo linapita pachabe. Ena anangopukusa mitu, nabwerera kukakwirira maenje, mvula yodzalira isanathe.

Fakitale inasiya kumuthandiza. Mayiyo anabwerera ku kanazale kake kukayambiranso, kufunafuna muyeso woti mtengo ufewe koma uimebe pa mphepo. Pamene ndinamva za iye komaliza, anali asanaupeze.

Inu amene mukutuluka m'sukulu muno ndi luso m'manja, tsiku lina ntchito yanu idzalephera pamalo poti mboni ndinu nokha. Padzapezeka wina wokuuzani kuti mungotseka pakamwa. Pa tsikulo, itanani anthu amene akudalira mawu anu, muwaonetse ndi maso awo. Mwina dzina lanu lidzatsika kwa kanthawi, koma pasapezeke mwana wogona ndi njala chifukwa inu munakhala chete.